Ndalama yosindikizira mapepala ndi fizi yobisika m'mayunivesite athu

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri angaione ngati yochepa, koma ikutha ndalama za makolo mwakachetechete ngati chiswe m'denga. Ndikunena za kusindikiza mapepala m'sukulu zathu za ukachenjede, ntchito imene ophunzira eni ake amangoti kupulinta ndi kupanga fotokope. Ine ndimakhala ku Salima, kumene ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa makalata pa Kamuzu Road, ndipo mwana wanga wachisamba, mtsikana, ali m'chaka chake chomaliza pa imodzi mwa mayunivesite a boma. Choncho nkhaniyi ndimaionera mbali ziwiri, pakuti masana ndimalandira ndalama kwa ana a anzanga amene abwera kudzasindikiza, ndipo usiku ndimatumiza ndalama yomweyo kwa mwana wanga kuti akaipereke kwa munthu wina wogwira ntchito ngati yanga yomwe.

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, kalata imene imabwera imafotokoza bwino za fizi, za malo ogona ndi za tsiku lotsegulira sukulu, ndipo kholo limakhala pansi ndi cholembera n'kuwerengetsera kuti ligulitse matumba angati a mpunga kapena mbuzi zingati. Pa kalata imene ife tinalandira panalibe mzere ngakhale umodzi wonena kuti mwanayo azidzalipira tsamba lililonse la ntchito imene aphunzitsi ake adzamupatse. Imeneyi ndiyo ndikuitcha fizi yobisika, chifukwa palibe amene amaitchula pa chiyambi, palibe amene amaperekera risiti, koma palibenso wophunzira amene angatsirize maphunziro ake osailipira. Imabwera m'tizidutswa, lero masamba khumi, mkuja makumi awiri, ndipo akuluakulu ananena kale kuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Kwa ife a kunyanja kuno mtolowo umalemera kwambiri chifukwa ana athu onse amaphunzira kutali. Kuyambira pamene University of Malawi inagawidwa mu 2021, dziko lino lili ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi, UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo, ndipo palibe ngakhale imodzi imene likulu lake lili ku Salima kapena ku Nkhotakota. Mzinda wa Lilongwe womwewo uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma pano. Mwana wa m'tauni akhoza kupita ku ofesi kwa amalume ake Lachisanu madzulo n'kukasindikiza ulere, koma mwana wochokera ku Khombedza, ku Chipoka, ku Benga kapena ku Dwangwa alibe kothawira kwina kupatula kachipinda kosindikizira ka pa sukulupo ndi timashopu ta kunja kwa mpanda.

Anthu amene sanakhalepo ndi mwana ku yunivesite amaganiza kuti wophunzira amasindikiza mwa apo ndi apo, choncho ndiloleni ndiwerengetsere poyera monga momwe ndimachitira pa kauntala panga. Tiyerekeze kuti wophunzira ali ndi maphunziro asanu ndi limodzi pa semesita, ndipo phunziro lililonse likufuna maasayimenti awiri a masamba 8. Amenewo ndi masamba 96, tisanawerenge manotsi a aphunzitsi, mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo, mafomu a ngongole ndi makope a chiphaso cha unzika amene amafunidwa pafupifupi pa khomo la ofesi iliyonse. Akafika chaka chomaliza ndiye zimanyanya. Ngati lipoti la kafukufuku wake lili ndi masamba 60, ndipo mphunzitsi womuyang'anira wamubweza kanayi kuti akakonze, ndiye kuti masamba 240 apita pa mapepala oti angokhwatchidwa ndi cholembera chofiira n'kutayidwa. Kenaka pakufunika makope atatu omaliza, amene ndi masamba ena 180, kuphatikizapo ndalama yomangira bukulo ndi chikuto cholimba. Ngati kafukufukuyo akufuna kufunsa anthu 100 ndi chikalata cha mafunso cha masamba anayi, onjezanipo 400. Zonse pamodzi ndi masamba 820, pamene rimu imodzi ya mapepala a A4 imakhala ndi mapepala 500. Ngakhale titati tsamba limodzi ndi K100, pofuna kungophweketsa masamu, ndiye kuti K82,000 yapita pa ntchito imodzi yokha. Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo a kalembedwe amachulukitsanso masambawo, chifukwa wophunzira amauzidwa kuti mizere ikhale yotalikirana, m'mbali musiyidwe malo aakulu, ndipo asindikize mbali imodzi yokha ya pepala, kumbuyo kukhale koyera.

Ndifotokozeko zimene zinachitikira mwana wanga ali m'chaka chachitatu, pakuti ndi tsiku limenelo pamene ndinasiya kuiona nkhaniyi ngati ya malonda chabe. Foni inalira nthawi itadutsa 10 koloko usiku, ife titagona kale. "Ababa, pepani ndakudzutsani," anatero, "asayimenti ikufunika mawa 9 koloko m'mawa, ndamaliza kulemba koma ndilibe yopulintira." Amayi ake anadzuka n'kumasula kansalu kamene amasungamo ndalama ya usipa, ine ndinatenga tochi kupita kukagogoda kwa mnyamata wina wotumiza ndalama pa foni amene timakhala naye pafupi, ndipo ndalamayo inapita usiku womwewo. M'mawa mwake mwanayo anafika pa chipinda chosindikizira cha pa sukulu 6 koloko isanakwane, n'kupeza mzere utakhota kale kuseri kwa khoma, chifukwa kalasi yonse inali ndi tsiku limodzi loperekera ntchito, ndipo makalasi ena awiri analinso chimodzimodzi. Chipindacho chinatsegulidwa cha m'ma 7:30. Mwa makina awiri amene anali m'menemo, amodzi anali atafundidwa nsalu kwa milungu ingapo podikira chipangizo, ndipo patatsala anthu asanu ndi atatu kuti iye afike pa zenera, magetsi anathima. Anakwera kabaza kupita ku timashopu ta kunja, kumene mtengo unali utakwera chifukwa anali atayatsa jenereta. Atatsegula ntchito yake pa kompyuta ya kumeneko, matebulo onse anasokonekera ndipo mutu wa nkhani unatsala wokha pansi pa tsamba, kotero kuti anasindikiza kawiri n'kulipiranso kawiri. Anafika ku ofesi ya aphunzitsi atachedwa ndi mphindi 40, ndipo anamuchotsera malikisi. Ntchito anaimaliza pa nthawi yake, koma chilango anachilandira chifukwa chosakhala ndi pulinta yakeyake, ndipo anzake amene ali nayo m'chipinda mwawo sanataye ngakhale likisi limodzi.

Ndikanena izi sindikunyoza anthu amene amagwira ntchito m'zipinda zosindikizira, chifukwa ndikudziwa bwino mmene thukuta lake limatulukira. Mapepala amene timagwiritsa ntchito, monga Typek ndi Rotatrim, amachokera ku South Africa. Tona, womwe ndi ufa umene makina amalembera pa pepala, makina enieniwo ndi zipangizo zake zonse zimagulidwanso kunja ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zimenezi inalumpha sabata yomweyo, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti kachipangizo kakang'ono kakatha, makina akhale chigonere mwezi wathunthu. Ambiri a ife sitingakwanitse kugula katiriji yatsopano, kabokosi kosungira tona m'makina, nthawi iliyonse, choncho timathira tona wa m'botolo m'katiriji yakale, ntchito yodetsa zala ndi mphuno, ndipo mgolo wa mkati umene umanyamula chithunzi cha tsamba ukayamba kutha, pepala limatuluka ndi mzere wakuda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuno kunyanja tilinso ndi vuto la chinyontho. Rimu ikagona usiku umodzi yotsegula m'nyengo ya dzinja, mapepala amamwa chinyezi, amapindika akakumana ndi kutentha kwa m'makina, n'kumakodwa mkati, ndipo pepala lililonse lokodwa ndi ndalama yotayika. Ine ndimasunga rimu yotsegula m'jumbo yomanga bwino, pamwamba pa kabati, ndipo m'mawa uliwonse ndimayamba ndaipepeta ndi chala ngati mtolo wa ndalama kuti mapepala asamatirirane. Munthu wochita zonsezi sangasindikize ulere, ndipo sindikupempha kuti atero.

Chimene ndikudandaula nacho n'chakuti yunivesite, imene ili ndi mphamvu yogula mapepala ndi tona mopikula pa mtengo wotsika kusiyana ndi umene ine ndimagulira, imaoneka kuti ntchito imeneyi inaitaya m'manja. Malinga ndi zimene ndimamva kwa ophunzira a sukulu zosiyanasiyana amene amabwera pa shopu panga nthawi ya tchuthi, kawirikawiri chipinda chosindikizira chimakhala m'manja mwa munthu wamba amene amalipira lendi ku sukulu, ndipo lendiyo amaibweza pokweza mtengo wa tsamba. Potero sukulu ikupeza phindu pa ntchito imene iyo yomwe yakakamiza wophunzira kuchita. Laibulale sitiiona ngati malo opangira ndalama, labotale sitiiona ngati sitolo, nanga bwanji chipinda chimene ntchito iliyonse ya wophunzira iyenera kudutsamo isanafike kwa mphunzitsi chikuonedwa ngati kantini yogulitsa mandasi? Mtengo sulembedwa pa khoma, umasintha sabata ya mayeso ikayandikira, ndipo chipindacho chimatsekedwa 5 koloko madzulo ngati ofesi ya boma, pamene aliyense akudziwa kuti wophunzira amamaliza kulemba pakati pa usiku.

Nkhani ya magetsi ndiyo imandipweteka mtima mwapadera monga munthu wa ku Salima. Tonse tikukumbukira mmene kuthimathima kunakulira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 pa nthawi imodzi. Chonsecho ku Nanjoka, m'boma lathu lomwe lino, kuli munda waukulu wa sola wa mamegawati 60 umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, umboni wakuti dzuwa la dziko lino likhoza kuyendetsa zinthu zazikulu kuposa pulinta. N'zoona kuti makina a tona amakoka mphamvu yambiri pa nthawi imene akutenthetsa chipangizo chomatira tona pa pepala, ndipo kabatire kakang'ono kamene kamasunga kompyuta magetsi akathima sikangawapirire. Koma sukulu imene ili ndi jenereta yoyatsira maofesi a akuluakulu singalephere kukoka waya umodzi kupita ku chipinda chosindikizira, kapena kuikapo sola ndi mabatire a mphamvu yokwanira. Sukulu zina mwa zimenezi zimaphunzitsa uinjiniya wa magetsi, ndipo ophunzira ake omwewo amaima pa mzere kudikira kuti magetsi ayake.

Pali ena, makamaka a m'tauni amene ali ndi laputopu ndi intaneti m'nyumba, amene anganene kuti yankho ndi losavuta, tingothetsa mapepala onse, zonse zizichitika pa kompyuta. Ine sindikugwirizana nawo, ngakhale wina anganene kuti ndikuteteza malonda anga. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinaona ndi maso anga ophunzira a ku yunivesite akupalasa njinga kuchokera ku midzi ya kutali kudzafuna netiweki pa boma pano, ndipo ambiri mwa iwo ankamaliza ndi kundipempha kuti ndiwasindikizire manotsi amene alandira pa WhatsApp, chifukwa kuwerenga masamba makumi asanu pa kafoni kong'aluka galasi n'kuzunza maso, ndipo batire likatha kumudzi kulibe potchajira. Pepala silifuna bandulo, silithima magetsi akathima, ndipo kope limodzi limatha kuzungulira anthu asanu m'chipinda chimodzi cha lendi. Wophunzira wosauka ndiye amafunikira pepala kwambiri kuposa wolemera.

Vuto lenileni, monga ndikulionera ine, n'lakuti zinthu zinatembenuzidwa chadodolido. Zimene wophunzira ayenera kuwerenga mofatsa, kubwereza ndi kulembamo m'mbali, monga manotsi ndi mitu ya m'mabuku, amazilandira pa foni n'kuuzidwa kuti adzionere yekha. Koma zimene mphunzitsi akanatha kuwerenga pa kompyuta ya mu ofesi mwake, monga ntchito yosamaliza imene ikubwezedwanso mawa, ndi zimene wophunzira akukakamizidwa kusindikiza ndi ndalama yake ya chakudya. Kandalama kochepa kamene mwana ali nako kakupita pa mapepala amene sadzawawerenganso, m'malo mopita pa mapepala amene akanamuthandiza kukhoza mayeso. Mwana wanga anandiuza yekha kuti masiku ena ankasankha pakati pa nsima ya masana ndi masamba khumi ndi awiri, ndipo ankasankha masambawo. Bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limathandiza ambiri pa fizi ndi pa ndalama yodzisamalira, koma si onse amene amapeza mwayi umenewu, ndipo amene aupeza ndalamayo imayenera kukwanira lendi, chakudya, sopo ndi mayendedwe isanafike pa tona.

Aphunzitsi nawonso ali ndi mbali yawo imene ndiyenera kuivomereza. Munthu amene ali ndi ophunzira mazana awiri m'kalasi imodzi sangachonge ntchito zonsezo pa galasi la laputopu popanda kudwala mutu, ndipo magetsi akathima kunyumba kwake mulu wa mapepala akhoza kuuwerenga pa khonde. Izi n'zomveka. Koma ngati dipatimenti yaona kuti mphunzitsi wake akufunika mapepala kuti achonge bwino, imeneyo ndi ndalama yoyendetsera sukulu, chimodzimodzi choko ndi mapepala a mayeso, ndipo wophunzira amene watumiza ntchito yake pa intaneti nthawi isanakwane awerengedwe kuti wapereka pa nthawi yake, pepala lizitsatira pambuyo. Ngakhale osasintha china chilichonse, kungolola kuti ntchito izisindikizidwa mbali zonse ziwiri za pepala kukhoza kudula mapepala ndi theka, ndipo makina ambiri a masiku ano amatembenuza okha pepala popanda munthu kuligwira. Sindinamvepo chifukwa chogwira mtima chimene kumbuyo kwa pepala kuyenera kukhalira koyera, kupatula kuti ndi mmene zinkachitikira nthawi ya mataipilaita. Za aphunzitsi ena amene amasiya manotsi awo pa shopu imodzi yokha n'kuuza kalasi yonse kuti ikagule kumeneko, ndingoti mphekesera zake zimatifika ngakhale kuno, ndipo akuluakulu a sukulu angachite bwino kuzifufuza.

Palinso ngozi ina imene siikambidwa, ndipo imeneyi ndikuinena ngati munthu amene amakhala kuseri kwa kauntala. Kompyuta ya m'chipinda chosindikizira ili ngati chitsime cha m'mudzi chimene aliyense amaviikamo ndowa yake. Fulashi mazanamazana zimalowamo pa sabata, ndipo imodzi ikabwera ndi vairasi, onse otsatira amaitenga. Ndaonapo mnyamata wa ku Lifuwu, amene anabwera ndi lipoti lake la chaka chomaliza, atagwira m'mutu pa shopu panga chifukwa mafayilo onse pa fulashi yake anali atasanduka tizithunzi tosatseguka atachoka nayo pa kompyuta ya ku sukulu kwawo, ndipo analibe kope lina kwina kulikonse. Tinakhala naye mpaka dzuwa kulowa ndipo tinapulumutsa mitu itatu mwa isanu, yotsalayo anakailembanso kuchokera m'kope lake la pamanja. Ophunzira ambiri sauzidwa ngakhale zinthu zazing'ono zimene zikanawateteza, monga kusunga ntchito ngati PDF asanapite kukasindikiza kuti masamba asasokonekere pa kompyuta ina, kapena kudzitumizira kope pa imelo. Choopsa china n'chakuti mafayilo amatsala pa kompyutapo. Asayimenti ya munthu imakhala poyera kuti wobwera pambuyo aikope n'kungosintha dzina, ndipo tsiku lina onse awiri adzaitanidwa pa mlandu wobera, mwini wake weniweni n'kusowa umboni. Pomwepo pamatsalanso zithunzi za ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE ndi makalata a kuchipatala. Dziko lino tsopano lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, ndipo ndi bwino eni zipinda zosindikizira, ine ndemwe pamodzi, tizifufuta mafayilo a anthu tsiku lililonse tisanatseke, ndipo sukulu ziziika zimenezi m'mgwirizano wawo ndi aliyense amene zamupatsa chipinda.

Pa za kujambula mabuku athunthu ndingodutsapo mwachidule. Ophunzira amachita zimenezi chifukwa laibulale imakhala ndi makope awiri kapena atatu a buku limene kalasi yonse ikulifuna sabata imodzi, osati chifukwa chofuna kubera alembi. Lamulo la umwini wa zolemba la 2016 lilipo, ndipo bungwe loteteza umwini wa zolemba la COSOMA limapereka ziphaso zololeza kupanga fotokope, choncho njira yabwino ndi yakuti sukulu yokha ikonze mitu yofunikira m'kabuku kamodzi kololedwa, isindikize mochuluka ndi kugulitsa pa mtengo wongobweza ndalama. Ndiponso pokonza zonsezi pasaiwalike ophunzira a vuto la maso, amene amafunika zilembo zazikulu kapena za Braille, ndipo tsamba limodzi la ife limasanduka masamba angapo kwa iwo. Sichilungamo kuti munthu azilipira mowirikiza chifukwa cha ulumali.

Pempho langa lalikulu kwa oyendetsa mayunivesite ndi lakuti wophunzira aliyense amene walipira fizi azipatsidwa chiwerengero cha masamba pa semesita, cholumikizidwa ku nambala yake ya sukulu, kuti akafika pa makina azingoonetsa chiphaso chake masambawo n'kumachotsedwa, ndipo akawamaliza aziwonjezera yekha kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pa mtengo wodziwika ndi wolembedwa poyera. Zimenezi si zachilendo, ndi mmene mayunivesite ambiri akunja amachitira, ndipo ophunzira athu a zamakompyuta akhoza kupanga okha pulogalamu yake ngati ntchito yawo ya chaka chomaliza. Ubwino wake ndi wakuti mwana wa msodzi wa ku Senga Bay ndi mwana wa bwana wa ku Area 10 adzayambira pa mzere umodzi, ndiponso kholo lidzadziwa chimene likulipira. Sabata zoperekera ntchito zimadziwika kuyambira tsiku lotsegulira sukulu, choncho n'zotheka kutsegula chipindacho mpaka usiku m'sabata zimenezo, n'kulemba ganyu ophunzira ovutika kuti azithandizamo, iwonso apezepo ya sopo. Bungwe la NCHE, limene limayendera sukulu za ukachenjede kuona ngati zili ndi zipangizo zoyenera lisanazivomereze, lizifunsanso kuti makina osindikizira amene akugwira ntchito ndi angati poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, osangowerenga mipando ndi mabuku. Atsogoleri a mabungwe a ophunzira, amene timawamva mokweza fizi ikakwera, aitengenso nkhani iyi, chifukwa imakhudza mamembala awo sabata iliyonse.

Tisaiwalenso aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale ndi sekondale za kuno amene akuchita maphunziro a digiri ali pa ntchito, ndi ophunzira amene amatumizidwa kudzayeserera kuphunzitsa m'sukulu za kumidzi ya Salima ndi Nkhotakota. Amenewa chipinda chosindikizira cha pa yunivesite amachiona milungu yochepa pa chaka, ndipo nthawi yotsalayo amakwera kabaza ndi minibasi kubwera pa boma kudzasindikiza masamba asanu, ndalama ya ulendo n'kuposa ya masambawo. Kwa iwowa kulola kutumiza ntchito pa intaneti kungapulumutse tsiku lathunthu limene ana a m'kalasi mwawo amakhala opanda mphunzitsi.

Mwana wanga wauzidwa kuti lipoti lake lomaliza lifunika makope atatu omangidwa ndi chikuto cholimba, ndipo ine ndamuuza kuti asasindikize kumeneko. Anditumizira PDF, ndidzasindikiza ndekha kuno pa rimu yatsopano imene ndaibisa kale pamwamba pa kabati, n'kuipereka kwa kondakitala wa basi amene ndimadziwana naye kuti akamupatsire pa depoti. Ine ndingathe kutero chifukwa makina ndili nawo, koma anzake a m'kalasi amene makolo awo ndi alimi a thonje ndi asodzi adzaimanso pa mzere uja. Ndikupempha akuluakulu a mayunivesite onse asanu ndi imodzi kuti atiyankhe kudzera m'nyuzipepala yomwe ino, ndipo kalata zoitanira ophunzira atsopano zisanatuluke chaka chikubwerachi, alembemo mtengo wa tsamba limodzi pa sukulu pawo ndi masamba amene wophunzira akuyembekezeka kusindikiza pa semesita.

Kholo lokhudzidwa,
Kamuzu Road, Salima